Waranti ya zaka 7 ikafika ku Zomba

Galaja yathu ili cha ku Chinamwali, pafupi ndi msewu wa M3 wopita ku Liwonde. Inayamba mmene amayambira magalaja ambiri kuno: mthunzi wa mango, bokosi limodzi la masipanala, jeke imodzi, ndi lonjezo la pakamwa lakuti "ikavuta mubwere nayo, bwana". Lero pali dzenje lolowera kunsi kwa galimoto, kompyuta yowerengera zovuta za injini, amakaniko anayi ndi anyamata awiri ophunzira ntchito. Mwa zonse zimene zawonjezeka, chimene chinasintha bizinesi kwambiri ndi mizere itatu ya waranti, lonjezo lokonzanso mwaulere ntchito ikavuta nthawi yake isanathe, imene timalemba pansi pa lisiti iliyonse.

Lonjezo la pakamwa limabala mikangano, chifukwa galimoto ikabwerera aliyense amakumbukira zake. Ndiye tinakhazikitsa malire olembedwa. Injini imene taimasula yonse n'kuimanganso ili ndi miyezi 6 kapena makilomita 10,000, chimene chayamba kukwana. Mabuleki ndi za kumiyendo, monga ma ball joint, ma tie rod end ndi ma bush, miyezi 3 kapena makilomita 5,000. Sipeya yochotsa m'galimoto ina, masiku 14 okha. Sipeya imene mwabwera nayo nokha timaikira waranti pa kamangidwe kathu basi, chifukwa sitikudziwa kumene yachokera. Pa khadi la ntchito timalemba tsiku, nambala ya chassis, makilomita amene ali pa mita ndi nambala ya sipeya iliyonse, ndipo yakale timakubwezerani m'manja. Pa K100 iliyonse ya ntchito timapatula K5 kuika m'thumba lolipirira galimoto zobwerera.

Thumba limenelo likayamba kuphwa, mwini galaja amafunsa chifukwa chake, ndipo mayankho ake ndi amene anasintha kagwiridwe kathu ka ntchito. Tengani head gasket, chotsekera pakati pa mutu wa injini (head) ndi thunthu lake, pa injini ya 1NZ, imene ili mu Sienta, Probox ndi Corolla zambiri za m'tauni muno. Galimoto ikawira, head ya aluminiyamu imapindika. Mukangosintha gasket osayeza, imapsanso pakangopita milungu yochepa. Buku la Toyota limalola kupindika kosapitirira mamilimita 0.05, muyezo umene diso silingaone. Choncho head iliyonse timaiyeza, yopindika timakaipalitsa ku Blantyre, ndipo mabawuti ake timamanga ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, motsata ndondomeko, kenako kupotoza madigiri 90 kawiri. Thermostat sitichotsa, ngakhale ambiri amapempha kuti ichoke, chifukwa injini yozizira mopitirira imadya petulo wambiri ndipo imatha msanga. Mu rediyeta mumalowa coolant, osati madzi a pampopi amene amadya water pump ndi dzimbiri. Zonsezi tinkazidziwa kale. Tinayamba kuzichita pa galimoto iliyonse pamene zolakwika zinayamba kulipiridwa ndi ife.

N'chifukwa chake akasitomala akatifunsa ngati waranti yaitali pa galimoto zatsopano iyenera kukhala ya aliyense, yankho lathu ndi lakuti inde. Wopanga galimoto amene adzalipire giyabokosi ikafa m'chaka chachisanu amaipanga mosamala kuposa amene udindo wake umatha m'chaka chachitatu. N'chimodzimodzi ndi torque wrench yathu ija.

Zatheka kale m'maiko ena. Ku America, Hyundai imapereka zaka 10 kapena mamailosi 100,000 pa injini ndi giyabokosi. Kia inayamba waranti ya zaka 7 ku Ulaya mu 2006 pa mtundu umodzi wa galimoto, ndipo mu 2010 inaifalitsa ku mitundu yake yonse. Ku South Africa, Hyundai imapereka zaka 7 kapena makilomita 200,000 pa injini ndi giyabokosi. Mitsubishi ku Australia inafika zaka 10 mu 2020, bola sevisi yonse ichitikire kwa dila wawo. Ku Japan, kumene kumachokera galimoto zambiri za pamsewu wathu, waranti ya ziwalo wamba ndi zaka 3 kapena makilomita 60,000, ndipo ya ziwalo zikuluzikulu monga injini ndi zaka 5 kapena makilomita 100,000.

Zaka zitatu zoyamba galimoto sionetsa matenda ake enieni. Zimene timaziona pa dzenje lathu zimayamba kuyambira chaka chachinayi kupita m'tsogolo: giyabokosi ya otomatiki yoyendera lamba (CVT) kuyamba kunjenjemera ponyamuka, turbo kutulutsa oyilo, ma injector a dizilo kudontha, kompresa ya AC kugwira, batire lalikulu la hybrid kufooka. Izi si ziwalo zimene woyendetsa amazimaliza ngati ma pad a mabuleki. Zikafa msanga galimoto ikusamalidwa bwino, vuto limakhala la kufakitale. Ndipo kuno zimapweteka kawiri, chifukwa sipeya iliyonse imagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya masipeya inakwera nayo limodzi. Munthu wa waranti amatetezedwa ku kukwera kumeneko, popeza mtengo wa sipeya ya m'tsogolo analipiriratu pogula galimoto.

Ena amati wopanga amangobisa mtengo wa waranti mu mtengo wa galimoto. N'zoona. Ifenso K5 ija imachokera kwa kasitomala. Koma kulipira pang'ono kodziwikiratu n'kopepuka kusiyana ndi kudzidzimutsidwa ndi giyabokosi yonse, ndipo wopanga amene galimoto zake sizifaifa sawonjezera zambiri.

Tsono nambala ya zaka payokha sitithandiza kuno ku Zomba, ndipo apa ndi pamene tikufuna ogula aziwerenga malemba ang'onoang'ono a m'pangano la waranti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Choyamba ndi kumene sevisi iyenera kuchitikira. Madila akuluakulu a galimoto zatsopano ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kuchoka kuno kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 60, kupita ndi kubwera pafupifupi 130. Ngati waranti imafa mukangosinthira oyilo kwina, ndiye kuti kwa zaka 7 galimoto iziyenda ulendo umenewo pa sevisi iliyonse, dalaivala n'kutaya tsiku lathunthu, mafuta n'kupsa. Galimoto ya ku Domasi, ku Jali kapena ku Mayaka ndiye kuposa apo. Ambiri amadumphitsa sevisi imodzi, ndipo waranti imathera pomwepo osadziwa. Ku South Africa bungwe loona za mpikisano pa malonda linakonza zimenezi: kuyambira pa 1 Julayi 2021, mwini galimoto akhoza kupangitsa sevisi ku galaja yoima payokha waranti osafa, ndipo galajayo imasenza mlandu wa zimene yalakwitsa yokha. Kuno tili ndi bungwe la CFTC loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, ndipo ndondomeko ngati imeneyo ndi imene tikanakonda kuiona. Tikudziwa kuti ife amagalaja tingapindule nayo, sitikubisa. Koma ibwere ndi udindo: galaja ilembe mtundu wa oyilo, nambala ya fyuluta ndi makilomita, isunge malisiti a kumene inagula, ndipo ikathira oyilo wamba wa giyabokosi ya otomatiki (ATF) mu CVT yofuna oyilo wakewake monga NS-3 kapena CVT Fluid FE, ilipire giyabokosiyo yokha. Cholakwika chimenecho timachiona kawirikawiri. Lamba wachitsulo wa m'kati amayamba kuterereka, amakanda ma pulley, ndipo sipakhalanso chokonza koma kusintha yonse.

Chachiwiri ndi makilomita. Galimoto yonyamula anthu pakati pa Zomba ndi Blantyre maulendo awiri opita ndi kubwera pa tsiku imadya makilomita 260. Pa masiku 300 ndi makilomita 78,000. Waranti ya makilomita 100,000 imatha chaka chachiwiri chisanafike pakati, kaya papepala alemba zaka zingati. Mapangano ambiri amachepetsanso waranti pa galimoto ya hayala, choncho funsani musanasaine.

Chachitatu, ndipo kwa ife ndi chachikulu, waranti izitsata galimoto ikagulitsidwa. Ogula galimoto zatsopano m'Malawi muno ambiri ndi boma, mabungwe ndi makampani. Pakapita zaka zingapo amazigulitsa, ndipo ndi pamene zimafika kwa mphunzitsi, mlimi wa fodya kapena wamalonda wa mumsika wa Zomba. Waranti ya Kia ya zaka 7 imapita kwa mwini watsopano. Ya Hyundai ya ku America ya zaka 10 ija ndi ya mwini woyamba yekha. Kusiyana kumeneko ndi kumene kunganene ngati munthu wamba wa kuno adzalaweko phindu lake kapena ayi. Galimoto zakale zochokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi ku Songwe sizikhudzidwa n'komwe: waranti yake imakhala inatha, ndipo siwoloka nyanja.

Palinso nthawi yodikira sipeya. Galimoto ya bizinesi ikakhala miyezi iwiri pabwalo la dila kudikira kompyuta ya injini, kukonza kwaulereko kwadya kale phindu la mwini wake. Pangano labwino lizinena masiku, ndipo akapitirira, masiku otayikawo aziwonjezedwa ku waranti.

Mbali inayo tiinenenso mosakondera, chifukwa ifenso timakana madandaulo ena. Waranti, yaitali kapena yaifupi, silipira zimene msewu ndi woyendetsa awononga. Wotsika ku Chawe phazi lili pa buleki njira yonse amawiritsa brake fluid, makamaka amene watha zaka ziwiri osasinthidwa n'kuyamwa chinyezi, ndipo ma disc amapindika. Tsikani ndi giya yotsika, 2 kapena L, ndipo pa hybrid ikani B. Misewu ya fumbi yopita ku nyanja ya Chilwa imatseka air filter nthawi ya m'buku isanakwane, choncho iyang'aneni pa makilomita 5,000 aliwonse, pamodzi ndi kusintha oyilo. Injini ya 1NZ imamwa malita 3.7 mukasintha ndi fyuluta yomwe, osati botolo lonse la malita 5. Toyota Aqua imakokera mpweya woziziritsa batire pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo fumbi ndi katundu zikatseka pamenepo batire limatentha n'kufa msanga. Dizilo wa m'zigubu, amene anthu amagula mafuta akasowa, amabwera ndi madzi ndi zinyalala, pamene ma injector a common rail amagwira ntchito pa mphamvu yoposa ma bar 1,000 ndipo salekerera kadontho. Nyali ya madzi mu fyuluta ya dizilo ikayaka, imani mukhetse tsiku lomwelo. Nthawi ya mvula, kulowa m'madzi ofika pa bampala kungapinditse con rod, chitsulo chogwira piston m'kati mwa injini, ndipo palibe wopanga amene adzalipire zimenezo.

Zimene ife tingakonde kuona pa galimoto yatsopano iliyonse yogulitsidwa m'dziko muno ndi zaka 5 pa galimoto yonse kupatula ziwalo zotha ndi ntchito, zaka 7 kapena makilomita 200,000 pa injini ndi giyabokosi, waranti yotsata galimoto kwa mwini wachiwiri, ndi ufulu wopangitsa sevisi ku galaja iliyonse yolembetsedwa imene imasunga zolemba.

Mbali ya zolembayo tinaiyamba kale. Galimoto iliyonse yolowa pa geti lathu ili ndi fayilo yake, ndipo mwini wake amatenga kope la khadi lililonse, kuti pogulitsa galimoto apereke mbiri yonse kwa wogula. Waranti yathu ya injini tikufuna ifike miyezi 12. Chikutichedwetsa ndi ma piston ring ndi ma bearing: pamsika pali ambiri abodza m'mabokosi ofanana ndi enieni, ndipo mpaka titapeza wogulitsa mmodzi amene angatipatse enieni nthawi zonse ndi lisiti yake, pa lisiti yathu pazilembedwabe miyezi 6.