Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kalata inali m'ng'oma

Ndachedwa, ndikudziwa. Masabata atatu ndili zii, mpaka ena mwafunsa ngati ndadwala. Sindinadwale ayi. Gawo ili ndalilemba kanayi n'kulifufuta, chifukwa ndi pano pamene ine, amene mwakhala mukundimvera chisoni kuyambira imfa ya bambo ija, ndikusanduka munthu woipa m'nkhani yanga yomwe. Zikomo mayi inu amene munalemba kuti mumawawerengera amuna anu usiku asanagone. Lero mwina sagona bwino.

Mukukumbukira kuti nditasiya sukulu amalume anandilowetsa m'gulu la achinyamata a chipani cha MCP. Malaya ofiira aja. Ntchito yanga inali kuima pachipata cha msika ndi pokwerera basi n'kumafunsa khadi. Wopanda khadi sankadutsa. Ndinabweza amayi oyembekezera, ndinabweza nkhalamba zoyendera ndodo. Ndinali ndi zaka 19, ndipo Lamulungu lililonse ndinkaimba ng'oma m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Zinthu ziwirizi sizinkaombana m'mutu mwanga ngakhale pang'ono. Mulungu anali wa Lamulungu, chipani chinali cha masiku enawo.

Pa 8 Marichi 1992 linali Lamulungu loyamba la Lenti. Kwathu kunali kunthambi, wansembe ankabwera mwa apo ndi apo, choncho amene ankatsogolera mapemphero anali Aphunzitsi aja, akatekisiti amene ndinakuuzani m'gawo lachitatu kuti anandiphunzitsa kuwerenga. Itakwana nthawi ya ulaliki, sanatsegule kope lawo lija. Anatulutsa kabuku, n'kukonza magalasi awo omanga ndi ulusi, nati lero amva kalata ya maepiskopi a Katolika.

Poyamba anthu ankangoyasamula. Kenako Aphunzitsi anafika pa malipiro osakwanira, pa zipatala zosowa mankhwala, pa ana odzazana m'kalasi. Kutsokomola kunatha. Anawerenga za anthu otsekeredwa popanda kuwazenga mlandu, za anthu oopa kulankhula zomwe akuganiza. Dzanja lawo linkanjenjemera moti pepala linkachita phokoso, koma sanadumphe mzere. Ndiyeno anafika pa makhadi: kuti anthu akuletsedwa kulowa mumsika, kuchipatala, pokwerera basi, chifukwa alibe khadi ya chipani. Palibe amene anandiloza chala. Koma ndinamva maso a tchalitchi chonse ali pankhongo panga. Kumbuyo mayi wina anayamba nthungululu n'kuimeza pakati.

Ndikanakonda kukuuzani kuti mtima wanga unasweka pomwepo. Si zoona. Ndinapsa mtima. Ndinamva ngati andivula pagulu.

Zomwe zinatsatira akuluakulu mukuzidziwa. Boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Maepiskopi, pamodzi ndi Arkiepiskopi James Chiona, anaitanidwa ndi apolisi kukafunsidwa. Malo osindikizira mabuku ku Balaka, kumene kalatayo inasindikizidwa, anatenthedwa. Monsinyolo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno. Kwathu, atcheyamani anatisonkhanitsa pansi pa mtengo. Amene anawerenga ankadziwika kale. Chomwe ankafuna chinali amene akusungabe kalatayo n'kumabwereketsa. Aphunzitsi anali atapereka kabuku kaja, koma ine ndinkadziwa kuti anali atakopera yonse pamanja. Ndinkadziwanso pomwe ankabisa: m'kati mwa ng'oma yanga ya kwaya, atamata mapepalawo ndi phula. Anandiuza okha. Anati, "Mwana wanga, ng'omayi ukaimba usaigubuduze."

Palibe anandimenya. Palibe anandiopseza. Ndikulemba zimenezi poyera chifukwa kwa zaka zambiri ndinkadzinamiza kuti ndinalibe chochita. Atcheyamani anangofunsa, ine n'kukweza dzanja. Ndinkafuna kuti anditchule dzina pamaso pa anzanga, ndipo ananditchuladi.

Galimoto inabwera Lachisanu madzulo. Ine ndinali nditabisala kuseri kwa tchalitchi, ndikusuzumira. Anang'amba chikopa cha ng'oma ndi mpeni, mapepala n'kugwera pansi. Aphunzitsi anawerama kuti atole, wina n'kuwaponda dzanja. Magalasi anagwa. Mayi a kunyumba kwawo anathamangira galimotoyo atanyamula jekete, akukuwa kuti kuzizira, kuzizira, koma sinaime. Njinga yawo inatsala itatsamira khoma la tchalitchi masiku anayi, aliyense akuopa kuikhudza.

Amayi sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Nditafika kunyumba ndinayamba kuti, "Amayi, mwamva zomwe zachitika?" Iwo anati, "Khala chete iwe. Usaonjezere bodza." Usiku umenewo, ndi usiku uliwonse pambuyo pake, ankapemphera korona mokweza, chitseko chili chotsegula. Akafika pa zopempha ankatchula Aphunzitsi, kenako ankati, "ndi amene anawagulitsa, Ambuye, ndi mwana wa munthu nayenso." Ine ndili chigonere chipinda chinacho, nditafunda mpaka kumutu.

Aphunzitsi anabwerako patatha miyezi isanu. Khutu lakumanzere silinkamvanso.

Dziko lokha linkathamanga. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege. Mu Meyi ogwira ntchito ku Blantyre ananyanyala, anthu anafa. A CCAP, a Anglican, Asilamu ndi ena anagwirizana n'kupanga Public Affairs Committee. Mu Okutobala Dr Banda analengeza riferendamu, ndipo pa 14 Juni 1993 nyali, chizindikiro cha matipate, inagonjetsa tambala wakuda wa chipani chimodzi. Ine ndinavotera nyali. Malaya ofiira ndinawatentha kudzala, ndinavina mumsewu ndi anthu omwe ndinkawabweza pachipata, ndipo ndinkakuwa kuposa onse. Tinalipo ambiri otero. Tinangosintha malaya.

Apa ndiyankheko achimwene amene mumalemba pansi pa gawo lililonse kuti chipembedzo sichinasinthepo kanthu, kuti Kamuzu anagonja chifukwa maiko opereka thandizo anatseka mpopi. Za mpopi mukunena zoona, anaimitsadi thandizo ku Paris mu Meyi 1992. Ndikuvomeranso kuti mipingo yomweyo inakhala chete zaka zambirimbiri anthu akusowa, ina ikudalitsa misonkhano ya chipani. Koma inu simunali m'tchalitchi tsiku lija. Zomwe zinawerengedwa aliyense ankazidziwa kale, ankangozinong'ona m'nyumba atazimitsa nyali. Chatsopano chinali kuzimva mokweza, masana, mnansi wako ali pambali pako akumvanso, m'matchalitchi onse a Katolika tsiku limodzi. Azungu a ku Paris sakanatichotsa mantha amenewo. Ndipo munthu wa magalasi omanga ndi ulusi sanawerenge kalata ija chifukwa cha ndalama za ku Paris. Ankaopa, ndinaona dzanja lake. Anawerenga chifukwa ankakhulupirira kuti pali wina amene adzamufunse, wamkulu kuposa atcheyamani.

Chisankho cha 1994 chinadutsa, ndinapeza ntchito, ndinachoka kumudzi, ndinakwatira amake ana, ana awiri anabadwa. Zaka 11.

Zaka zonsezo kutchalitchi ndinkapita, koma nthawi ya Ukaristia ndinkatuluka ngati ndikukakhazika mwana chete. Mkazi wanga ankaganiza kuti ndili ndi chibwenzi. Mu Lenti ya 2003 anandiuza kuti ngati sindikalapa iye apita kwawo. Ndinapita kuti nyumba isapasuke basi, osati chifukwa cha kulapa kwenikweni. Wansembeyo anali wachinyamata, mwina mu 1992 anali kuseminale. Anandimvetsera mpaka kumapeto, nati, "Bambo, Mulungu sakana munthu. Koma khutu lomwe munagonthetsa si langa. Mwini wake ali moyo?" Ndinati ali moyo. Anati, "Ndiye mukutani kuno?"

Ndinawapeza pakhonde akumata tayala la njinga yomwe ija. Anali atachepa thupi, tsitsi lonse mbuu. Ndinakhala pansi pambali pawo, ndipo mawu amene ndinawakonza ulendo wonse ndinawakhuthula nthawi imodzi, maso ali pansi: za dzanja lomwe ndinakweza, za ng'oma, za kubisala kuseri kwa tchalitchi. Ndinalira mpaka mamina. Nditamaliza panali bata. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Mwana wanga, wakhala kolakwika. Uku sindimva. Zungulira mbali iyi unenenso."

Sindikudziwa mmene ndingakufotokozereni. Ndinadzuka, ndinazungulira njinga ija, ndinakhala kumanja kwawo. Misozi inali itauma, panalibenso pobisala. Ndinanena kachiwiri, pang'onopang'ono, mokweza, mayi a kunyumba kwawo ataima pakhomo akumva liwu lililonse. Mpaka lero sindinatsimikize ngati poyamba paja sanamvedi.

Anati ankadziwa kuyambira usiku woyamba, omwe ankawafunsa mafunso aja anawauza dzina langa pofuna kuwaswa mtima. Sanathamangire kunena kuti ndakukhululukira. Anati, "Ndinakuda zaka zitatu. Ndikamatsogolera Atate Athu, pofika pa kukhululukira adani athu ndinkangoyendetsa milomo, anthu n'kumanena okha. Tsiku lina ndinaona kuti munthu wophunzitsa ana pemphero lomwe iye sangalimalize ndi wakuba. Ndiye ndinayamba kutchula dzina lako pamzere umenewo. Poyamba linkandiwawa ngati ndameza munga." Mayi aja sanandilankhule tsiku limenelo. Ndipotu mpaka anamwalira sanandipatsepo moni wochokera pansi pa mtima, ndipo sindiwaimba mlandu. Ndi iwo amene anathamanga ndi jekete.

Asuweni anga, uthenga wanu ndauona, woti ndikuyalutsa malemu amalume pa intaneti. Amalume anandipatsa malaya, dzanja ndinakweza ndekha, ndipo ndalemba choncho. Koma musandiuze kuti zakale zisiyidwe pomwe inuyo mpaka lero mumauza ana anu kuti banja lathu linkamenyera matipate. Ndinalipo. Tonse tinkagulitsa makhadi.

Dzuwa litapendeka Aphunzitsi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi buku la mawerengo a Misa. Anati maso awo afooka, zilembo zikuvina, ndipo mawa akuyenera kutsogolera mapemphero. Anandipatsa bukulo, n'kutembenuzira khutu lakumanja kwa ine. Ndinawawerengera mpaka mdima, iwo akundikonza pomwe ndathamanga, monga ankachitira ndili ndi zaka 7. Basi yomaliza inandisiya, ndipo ndinagona m'nyumba ya munthu amene ndinamugulitsa, pamkeka womwe mayi aja anandiponyera osandiyang'ana.

M'mawa mwake Aphunzitsi ananditengera kuseri kwa guwa kumene ng'oma ija inali ikadali, chikopa chili chong'ambika. Zomwe anandipempha kumeneko, ndi mmene Amayi anachitira atamva, ndidzalemba gawo likubwerali.