Marimu atsopano a MX-5 yanga: pomwe ndafika

Masabata atatu apitawa athera pa nkhani imodzi yokha, ya marimu. Galimoto yake ndi Mazda MX-5 ya mtundu woyamba, yomwe amaitcha NA, ya nyali zotukuka zija, injini 1.6. Inachoka kufakitale ndi marimu a mainchi 14, m'lifupi mainchi 5.5, offset 45, ovala matayala a 185/60R14. Marimu amenewo sindinawade ayi. Vuto ndi loti matayala ogwira msewu bwino a saizi 14 akunka nachepa, pomwe a saizi 15 alipo oti munthu n'kusankha. Ndiye ndinatsimikiza zokwera inchi imodzi.

Zina sizinandivute, chifukwa n'zongowerenga. Mabowo a manati ndi anayi, okhala pa mzere wozungulira womwe m'mimba mwake ndi mamilimita 100, ndiye 4x100 ija. Bowo la pakati pa rimu liyenera kukhala pa habu, chitsulo chozungulira chomwe rimu imamangidwapo, ya mamilimita 54.1. Manati ake ndi M12x1.5, a mutu wosongoka womwe umalowa m'bowo n'kukhala bwino. Rimu yosagwirizana ndi zimenezi ndimangoidutsa, ikongole bwanji.

Chomwe chinandisowetsa tulo ndi offset. Pa rimu iliyonse pali nkhope yosalala yomwe imagunda habu mukamanga manati. Offset ndi mtunda wochokera pa nkhope imeneyo kufika pakati penipeni pa m'lifupi mwa rimu. Amaulemba m'mamilimita, nthawi zambiri kuseri kwa sipoko, ndi zilembo ET, zochokera ku mawu a Chijeremani. Nambala ikakhala yaikulu, rimu imalowa mkati mwa galimoto, kufupi ndi shoko. Ikachepa, rimu imatuluka kunja, kulunjika mlomo wa madigadi. Kumva n'kosavuta. Chosokoneza n'chakuti offset siyenda yokha, imayenda ndi m'lifupi mwa rimu, moti ET35 pa rimu ya mainchi 7 ndi ET35 pa ya mainchi 8 sizikhala malo amodzi.

Mtima wanga poyamba unali pa 15x8 ET25, kutanthauza rimu ya mainchi 15, m'lifupi mainchi 8, offset 25. Ndinaziona pa MX-5 ya mnzanga, matayala atadzaza madigadi, galimoto itakhala pansi ngati yafuna kudumpha. Ndinatsala pang'ono kuitanitsa tsiku lomwelo. Chinandiletsa ndi pepala ndi pensulo.

Masamu ake ndi awa. Rimu yakufakitale ya mainchi 5.5 ndi mamilimita pafupifupi 140, theka lake 70. Mukachotsapo offset ya 45, zotsala ndi 25: amenewo ndiwo mamilimita omwe rimu imatuluka kunja kuchokera pa habu. Mukaphatikiza 70 ndi 45 mupeza 115, omwe imalowa mkati. Tsono tengani ya mainchi 8. Ndi mamilimita 203, theka lake pafupifupi 102. Ndi ET25, kunja ikutuluka 77, mkati ikulowa 127. Ndiye kuti mlomo wakunja wasuntha ndi mamilimita 52 kuposa pomwe Mazda anauika. Mamilimita 52 papepala amaoneka ochepa, koma tayezani pa rula muone. Ndi zala zitatu zathunthu.

Mnzanga uja anandibwereka rimu imodzi ndi tayala lake kuti ndione ndi maso. Ndinaimanga kutsogolo kumanja, n'kutsitsa galimoto pansi. Kenako ndinamangirira nati kunsonga ya ulusi, ulusiwo n'kuumata ndi tepi pamwamba pa madigadi kuti ulendewere. M'malo molendewera momasuka, ulusi unakagona paphewa la tayala n'kupindika. Ndinakwezanso galimoto, n'kuikhazika pa sitandi, jeki n'kuiika pansi pa mkono wam'munsi wa sasipenshoni, ndipo ndinapopa pang'onopang'ono kuti tayala likwere monga limachitira mukagunda bampu. Lisanafike patali, phewa la tayala linali litayandikira kale kachitsulo kopindikira mkati ka mlomo wa madigadi. Katoni yomwe ndinalowetsa pakati inakanirira, osatuluka. Mnzangayo anavomera kuti pa yake anachita kupinda kachitsuloko ndi makina, akutenthetsa penti kuti isang'ambike, komanso anapendeketsa matayala kuti pamwamba pake palowe mkati. Ndi ntchito yomwe ambiri amachita ndipo imatheka. Ine madigadi anga akadali ndi penti yake yoyamba, ndipo sindinafune kuwakhudza.

Koma si madigadi okha omwe anandibweza. Pali china chomwe sichioneka galimoto itaima. Tayala lakutsogolo likamakhota, limazungulira pa mzere wodutsa m'majointi awiri, lam'mwamba ndi lam'munsi. Mzere umenewo mukaupitiriza umakagunda pansi penapake pafupi ndi pakati pa tayala, ndipo mtunda wa pakati pa malo awiriwo ndi womwe amautcha scrub radius. Mukachepetsa offset ndi mamilimita 20, pakati pa tayala pasunthira kunja ndi 20 yemweyo, mtunda uja n'kukula. Zotsatira zake mumazimva m'manja: chiwongolero chimalemerako, chimakoka tayala likagwera mumzere wokumbika wa msewu, ndipo bampu iliyonse imabwera mpaka m'zikhatho. Mabering'i a habu nawonso amasenza katundu wopendekera kuposa kale. Chomwe ndinakondera galimotoyi si mphamvu, chifukwa injini yake ndi yaing'ono. Ndi kupepuka kwake, yosafika ndi tani imodzi yomwe, ndi chiwongolero chomvera chala. Kutaya zimenezo chifukwa cha maonekedwe ndinaona kuti n'kudzibera ndekha.

Ndiye ndinakhazikika pa 15x7 ET35. Mainchi 7 ndi mamilimita 178, theka lake 89. Kunja ikutuluka 54, kutanthauza mamilimita 29 kuposa yakale. Mkati ikulowa 124, kungoonjezera 9, ndipo kumeneko malo alipo. Pakati pa tayala pasuntha ndi mamilimita 10 okha mbali iliyonse. Ndinasankhanso rimu yopepuka momwe ndikanathera, chifukwa kulemera kwa rimu ndi tayala sikunyamulidwa ndi masipuling'i. Shoko ndiye imalimbana nako, ndipo kukachuluka tayala limachedwa kubwerera pansi likadumpha.

Matayala sanatenge nthawi. Chofunika ndi choti msinkhu wa tayala lonse usasinthe kwambiri. La 185/60R14 lili ndi khoma la mamilimita 111, ndipo mukaphatikiza makoma awiri ndi rimu mupeza pafupifupi 578. La 195/50R15 likubwera pa 576, kusiyana kwa mamilimita awiri basi, moti sipidomita ikhala ikunena zomwe inkanena kale. La 205/50R15 likufika 586. Ambiri amalikonda, ndipo pa rimu ya mainchi 7 limakhala bwino, koma ndi lalitaliko, lolemerako, ndipo likanadya mpata womwe ndausunga movutikira pa madigadi. Ndatenga 195.

Tsiku lomanga ndinalakwitsa chinthu chimodzi, ndipo ndichinene kuti wina asachibwereze. Marimu ogula padera nthawi zambiri amabwera ndi bowo la pakati lalikulu kuti akwane pa magalimoto osiyanasiyana. Anga ndi a mamilimita 73.1, ndiye amafuna timphete totseka mpata kuti akhale pa habu ya 54.1. Timphete tinali tisanafike, koma changu chinandigwira. Ndinamanga choncho, n'kunyamuka. Nditafika cha m'ma makilomita 100 pa ola, chiwongolero chinayamba kunjenjemera pang'ono, kofooka koma kosalekeza. Timphete titafika ndinamasula onse anayi. Pa mahabu panali dzimbiri lopyapyala, lofiirira, lomwe ndinalipala ndi burashi ya waya mpaka chitsulo chitawala. Kamphete kalikonse kanalowa ndi kaphokoso kakang'ono, rimu n'kukhala yosagwedera ndisanaike n'komwe nati. Manati ndinayamba kuwamanga ndi dzanja, modumphitsa mopingasa, n'kumalizitsa ndi sipanala yoyeza mphamvu pa Nm 105 galimoto ili pansi. Kunjenjemera kuja kunatha. Nditayenda makilomita 80 ndinawayesanso manati onse, ndipo awiri akumbuyo anasuntha pang'ono sipanala isanalire.

Za kukhuza ndinayesa ndi choko. Ndinapaka paphewa la tayala lililonse, kunja ndi mkati, n'kukwera ndi mnzanga uja kuti galimoto ilemere, tikudutsa dala pa mabampu ndi kukhota mpaka chiwongolero chitafika pothera mbali zonse. Pobwera, choko cha matayala atatu chinali chonse. Pa lakutsogolo kumanzere panali kamzere kofufutika mkati, ndipo nditasuzumira ndi tochi ndinapeza kuti pulasitiki ya mkati mwa madigadi yalendewera chifukwa kakilipi kamodzi kanathyoka. Ndagula katsopano, ndikaika Loweruka. Ndikatero ndipita nayo ku alaimenti, chifukwa kutsogolo kumanja kukuoneka kuti tayala laimirira kuposa linzake, ndipo ndikufuna manambala enieni ndisanayambe kuganiza zotsitsa galimotoyi.