Gule wa njuchi amene ndinakaonera kwa apongozi

Buku limene linandiika m'mavuto ndinaligula makwacha 30 kwa mnyamata wina amene amayala mabuku akale pansi pafupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata. Linalibe chikuto, ndipo masamba ake oyambirira anali atapita kale kokakulungira mtedza, koma linkakamba za njuchi mokoma kwambiri moti kwa masiku atatu ndinkadya nsima maso ali pabuku.

Imene inandizunguza mutu ndi nkhani ya Karl von Frisch, katswiri wa ku Austria amene analandira mphoto ya Nobel mu 1973 atazindikira kuti njuchi zimauzana kumene kuli chakudya povina. Njuchi ikapeza maluwa kutali, imabwerera mumng'oma n'kuyamba kuthamanga pachisa ikugwedeza chiuno, kenako imazungulira n'kubwerezanso, ngati ikulemba nambala 8. Ikalunjika m'mwamba, ndiye kuti maluwawo ali mbali imene kuli dzuwa. Ikapendekera kumanja kapena kumanzere, zinzake zikatuluka zimapatuka padzuwalo ndi mlingo womwewo, ndipo kugwedezako kukatalika zimadziwa kuti ulendo ndi wautali. Ine amene ndinakulira kumene gule amanena zinthu zimene pakamwa sipangatchule, ndinaona kuti nkhaniyi ndi yathu ndithu, ndipo ndinatseka bukulo pamutu wachisanu n'kutsimikiza kuti ndikadzionere ndekha.

Apongozi anga, amene amakhala kumudzi cha ku Chadiza, ali ndi ming'oma ya makungwa yopachika m'mitengo kuseri kwa dimba lawo. Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala ndinakwera minibasi pamodzi ndi mkazi wanga, nditavala suti yakuda chifukwa mkamwini, makamaka amene ndi mphunzitsi, safika kwa apongozi ngati akupita kokasaka mbewa. M'chikwama ndinali nditaikamo kope, tochi ndi kabotolo ka utoto wa zikhadabo ka mkazi wanga, popeza von Frisch ankadontheza utoto pamsana pa njuchi kuti azizizindikira. Panjira ndinagula nthochi zakupsa bwino, ndipo ndinadya zinayi.

Nditagwada n'kufotokoza cholinga changa, apongozi aamuna anandiyang'ana nthawi yaitali asanayankhe.

"Amkamwini, njuchi siziyenderedwa dzuwa lili paliwombo. Dikirani kude, tiyatse muuni wa udzu, tipite tonse."

Ndinathokoza mwaulemu, koma mumtima ndinati utsi ukabalalitsa ovina, komanso usiku palibe dzuwa loti alozere. Iwo atangotsamira pampando wandalema n'kuyamba kuwodzera, ndinakodola mlamu wanga wamng'ono kuti andiperekeze. Mwanayo anandilozera mtengo, kenako anakakwera pachulu chimene chinali patali ndithu, n'kunena kuti iye aziona bwino ali pamenepo.

Ndinakwera mumtengomo suti ili m'thupi, ndinasuntha chotsekera cha mng'oma, ndinayatsa tochi, n'kusendeza nkhope pafupi uku ndikupumira m'katimo mpweya wa nthochi zinayi. Kwa kamphindi ndinaona chinthu chokongola zedi: zisa zachikasu zitalendewera motsatana, uchi ukunyezimira m'timabowo, ndipo njuchi zina zili ndi mungu m'miyendo ngati amayi ochokera kuchigayo. Yovina sindinaione. Imene ndinaiona bwino ndi imodzi imene inatera pansonga pa mphuno yanga, n'kupinda thupi mosafulumira, n'kusiyapo mbola yake ikuphriphitha ngati ili ndi mtima wakewake. Zitatero mng'oma wonse unalira ngati chigayo cha dizilo.

Mmene ndinatsikira mumtengomo sindikumbuka, koma ndikukumbuka kuti njuchi zinalowa m'jekete, m'malaya ndi m'buluku, ndipo chilichonse chimene zalowamo ndinkachivula ndikuthamanga. Jekete linatsala padimba, malaya anakodwa pampanda, ndipo buluku ndinalisiya pafupi ndi khola, pamene mbuzi zinali zitadula kale zingwe. Khomo loyamba limene ndinaliona lotsegula ndinalowamo chamutu, osadziwa kuti ndi kukhitchini kumene apongozi aakazi ankaphika nyemba.

Amene si Mchewa sangamvetse kukula kwa nkhaniyi. Pazaka 9 za ukwati wanga, mayi amenewa ndinali ndisanayang'anane nawo m'maso, ndipo tikakumana panjira mmodzi ankapatukira kutchire. Tsiku limenelo ndinakabisala kumbuyo kwawo nditangotsala ndi kabudula wam'kati, masokosi ndi tayi, ndikukoka nsonga ya chitenje chawo kuti ndifunde kumutu. Iwo anafuula kuti "Mayo ine!" n'kudziphimba kumaso ndi lichero, ndipo tinakhala choncho m'chiutsi cha nkhuni zaziwisi mpaka njuchi zinabwerera pakhomo. Utsi umene ndinaukana uja ndi umene unandipulumutsa. Panja nkhuku ziwiri zimene zinali zomangirira sizinapulumuke, ndipo ndinazilipira.

Pofika madzulo maso anali atatsekeka, milomo ili ngati zitumbuwa. Mlamu wanga wamkulu anapala mbola ndi mpeni n'kuwerenga 23, ndipo mkazi wanga, amene anali asanalankhule chiyambire, anatenga buku lija n'kuyamba kuwerenga mokweza mutu wachisanu ndi chimodzi, akumasulira kuti aliyense pabwalo amve. Mutuwo unkanena kuti njuchi ikaluma imatulutsa fungo loitana zinzake kunkhondo, ndipo m'fungolo muli isoamyl acetate, mankhwala omwewo amene amanunkhiritsa nthochi yakupsa. Unkanenanso kuti njuchi zimalusira kwambiri zinthu zakuda, kuti utsi umasokoneza fungo loitanira nkhondolo, ndiponso kuti njuchi za ku Africa ndi zaukali kuposa za ku Ulaya, moti zina zitatengedwa kupita ku Brazil mu 1956 n'kuthawa chaka chotsatira, mbadwa zake zinadzaopsa anthu mpaka ku America. Nayenso von Frisch, anawerenga motsindika mkazi wangayo, ankaonera gule wake kudzera pagalasi la mng'oma wopangidwira zimenezo.

"Zonsezo n'zolembedwa mmenemo?" anafunsa apongozi aamuna. "Ndiye bukulo lilibe mlandu. Safunsa adadya phula, amkamwini. Nanga gule munapitira uja mwamuona?"

Ndisanatsegule zitumbuwa zanga kuti ndiyankhe, mlamu wamng'ono uja analowererapo.

"Ine ndamuona ndili pachulu, ababa. Alamu anathamanga molunjika akugwedeza chiuno, anazungulira nkhokwe kumanja, anabwereranso n'kuizungulira kumanzere, ndipo mudzi wonse unadziwa kumene kuli mng'oma ndi kutalika kwake."

Kuseri kwa nyumba, kumene apongozi aakazi anakhala atafulatira, kunamveka kutsokomola kwa munthu amene akulimbana ndi phwete.