Kuwerenga procalcitonin mwa wodwala amene wachitidwa opaleshoni ya mtima

Sabata ino m'maphunziro a chisamaliro cha odwala mwakayakaya tafika pa funso lovuta: munthu akatuluka mu opaleshoni ya mtima thupi likutentha, tingadziwe bwanji ngati ndi mabakiteriya? Magazi ake amakhala atadutsa m'mapaipi a makina ogwira ntchito m'malo mwa mtima ndi mapapo, ndipo zimenezi pazokha zimadzutsa chitetezo cha thupi. Maselo oyera amachuluka ngakhale palibe matenda. Dokotala akachita mantha amangopitiriza maantibayotiki, mabakiteriya n'kumazolowera mankhwalawo.

CRP, puloteni ya m'magazi imene imakwera thupi likamalimbana ndi matenda kapena bala, sithandiza kwenikweni masiku oyambawa. Imapangidwa m'chiwindi, imakwera mwa aliyense amene wachekedwa, ndipo imafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu.

Procalcitonin, puloteni ina ya m'magazi imene imakwera kwambiri pa matenda a mabakiteriya, ndiyo yandigwira mtima, ngakhale nayonso imakwera chifukwa cha makina aja. Kusiyana kwake ndi liwiro. Imafika pachimake tsiku loyamba, kenako ngati palibe matenda imatsika pafupifupi ndi theka tsiku lililonse. Ndiye nambala imodzi payokha sinena zambiri. Tiyerekeze kuti labu yabweretsa 2 lero. Ngati dzulo inali 4, zinthu zili m'njira yake. Ngati dzulo inali 1 ndipo lero ndi tsiku lachinayi, pitani mukatsegule bandeji, mumvetsere mapapo, muone polowera madiripi ndi paipi ya mkodzo, mutenge magazi akafufuzidwe mabakiteriya.

Umboni umene ndaupeza wamphamvu ndi wa nthawi yosiyira mankhwala. Kafukufuku wa SAPS wa ku Netherlands, wofalitsidwa mu 2016, ankalangiza kusiya maantibayotiki procalcitonin ikatsika ndi 80 peresenti kuchokera pachimake kapena ikafika pa 0.5, ndipo masiku olandira mankhwala anatsika kuchoka pa 7 kufika pa 5. Koma odwalawo anali a mu ICU a matenda osiyanasiyana, osati a mtima okha, ndiye ine sindingangotengera malire amenewo osaganiza. Komanso impso zikafooka, zomwe zimachitikachitika pambuyo pa opaleshoniyi, nambala imatha kukhala pamwamba popanda matenda.

Tisasokoneze izi ndi cefazolin, antibayotiki woteteza bala la opaleshoni, amene amabayidwa mkati mwa ola limodzi asanacheke ndipo sayenera kupitirira maola 48. Ameneyo amayendera wotchi, osati labu.

Matenda a pamalo amodzi amathanso kubisala. Bala la pa fupa la pachifuwa likafiira n'kuyamba kuchucha mafinya, procalcitonin ingathe kukhala yotsika ndithu, koma dokotala wa opaleshoni aitanidwe pomwepo.