Andale ndi mabala akale

Ine zimandidabwitsa mmene zipani zija zimati "ife ndi anthu wamba, enawo ndi mabwana" zimakondera mbiri yakale, koma osati yonse ayi, amangotola pomwe pakuwawa basi.

Taonani ku Hungary. Mu 1920, itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pangano la mtendere la Trianon linadula dzikolo, linataya pafupifupi magawo awiri mwa atatu a malo ake, anthu mamiliyoni olankhula chinenero cha ku Hungary anangopezeka ali ku Romania, Czechoslovakia ndi kwina osasamuka n'komwe. Bala limenelo ndi lenileni, palibe angatsutse. Koma Viktor Orbán ndi chipani chake cha Fidesz atangowina mu 2010 anaika 4 June kukhala tsiku lokumbukira zimenezi, kenako anapereka unzika kwa aja otsalira kunja kwa malire, mpaka anayamba kuvota, ndiye mukuganiza ambiri ankavotera ndani? Mu 2022 mkuluyu anapita kukaonera mpira atavala sikafu ya mapu akale a Hungary dzikolo lisanadulidwe, Romania ndi Ukraine anakwiya zedi.

Ku Poland chipani cha PiS, chomwe chinkalamula nthawi imeneyo, mu 2018 chinabweretsa lamulo loti ukanena kuti mtundu wawo unatengako mbali pa milandu ya a Nazi ukhoza kukaseweza zaka 3, maiko atadzudzula anachotsa za ndendezo chaka chomwecho. Ku Turkey pulezidenti Erdoğan naye mu 2020 anabweza Hagia Sophia kukhala mzikiti, nyumba yakalekale ya ku Istanbul yomwe inayamba ngati tchalitchi, kenako mzikiti, kenako malo oonetserako zinthu zakale.

Chomwe chimandinyansa n'choti ukangofunsa kuti nanga zoipa zomwe makolo athu anachitira ena bwanji, basi wasanduka wogulitsa dziko, akatswiri a mbiri amayamba kulankhula mwamantha, nkhani ya katangale wa lero n'kuzimirira anthu ali kalikiliki kukangana za 1920.