Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Chionetsero cha ku Minnesota

Gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinapeza chipinda cha lendi mbali ya Como, mumzinda wa St. Paul, kwa mayi wina wachikulire amene amuna awo anamwalira kalekale. Munali mu Ogasiti 2017, makalasi ku University of Minnesota asanayambe. Iwo ankafuna ndiziwatchula dzina lawo loyamba monga achitira kumeneko, koma munthu wamsinkhu wa mayi anga kumutchula dzina pakamwa panga pankalemera. Ndinkangoti Amayi, mpaka anazolowera.

Ndisanamasule bwinobwino katundu, ndinaona aneba akukhoma zikwangwani pakhomo zoti wofuna kuimika galimoto pa kapinga wawo alipire. Kapinga yemweyo amene ankamuthirira ndi kumutchetcha sabata iliyonse. Nditafunsa, Amayi anandiyang'ana modabwa.

"Lachinayi chionetsero chikuyamba. Usapangane ndi munthu Loweruka, tinyamuka kusanache."

Minnesota State Fair ndi chionetsero cha chigawo chonse cha Minnesota, ndipo chimatenga masiku 12. Chimayamba Lachinayi n'kutha Lolemba loyamba la Sepitembala, tsiku la tchuthi cha apantchito, ndipo m'mawa mwake ana ambiri amabwerera kusukulu. Chaka chimenecho chinayamba pa 24 Ogasiti n'kutha pa 4 Sepitembala. Chinayamba kuchitika mu 1859, patangotha chaka Minnesota italandiridwa kukhala chigawo cha dziko la America, ndipo kuchokera mu 1885 chimachitikira pamalo amodzimodzi ku Falcon Heights, maekala 322 ochita malire ndi sukulu yathu ya zaulimi. Mu 2017 olowa pageti anangotsala pang'ono kukwana 2 miliyoni, m'chigawo cha anthu pafupifupi 5.5 miliyoni.

Zionetsero zimene ndinkadziwa ine zinali ziwiri. China n'cha kwathu ku Mchinji, chimene alangizi ankakonza pabwalo la sukulu: zisakasa zaudzu, zitsononkho zosankhidwa bwino, maungu, magule, kenako zolankhula za mlendo wolemekezeka amene tinkamudikira mpaka dzuwa kupendeka. Chinacho ndi Trade Fair ya ku Chichiri, kumene ndinapitako ndili ku Bunda n'kubwerako ndi mapepala a makampani odzadza jumbo. Ndiye ndinavala shati yosita ndi nsapato zachikopa. Amayi anatulukira atavala kabudula, nsapato zothamangira ndi chipewa chakale chothethekatheteka chimene anati amangochivala pa chionetsero basi.

Anthu akumeneko aliyense ali ndi njira yake yoyendera pamalopo, ndipo saisintha. Amayi anakulira pa famu ya ng'ombe zamkaka ku Stearns County, ndipo njira yawo anaitengera kwa bambo awo: kuyamba ndi makola, kenako mkaka, zina zonse pambuyo. Pageti ankalipiritsa madola 14, koma iwo anali atagula kale matikiti otchipirapo kusitolo masabata angapo m'mbuyomo. Tinadutsa misewu imene ogulitsa zakudya anali akutsegula kumene, mafuta asanatenthe, osaima paliponse.

Khola la ng'ombe ndi chinyumba chachikulu cha njerwa, ndipo nthawi imeneyo munali kale piringupiringu. Masiku oyambirira a chionetsero amakhala a ana a bungwe la 4-H, limene limaphunzitsa achinyamata ulimi ndi ntchito zamanja. Mwana sangofika ndi chiweto chake. Amayamba wapambana kaye pa chionetsero cha m'boma lakwawo, ndipo Minnesota ili ndi maboma 87. Ofika ku St. Paul amakhala oti adutsa kale pasefa.

Mdzukulu wa Amayi, mtsikana wa zaka 14, tinamupeza kuseri kwa khola akusambitsa ng'ombe yake yamsoti ya mtundu wa Holstein. Sopo, bulashi, paipi ya madzi. Ataitsuka anaiumitsa ndi makina opemerera mphepo, n'kuyamba kuimeta. Ubweya wa pamsana anauimiritsa ndi chipeso n'kuudula mosamala kuti msana uoneke wowongoka, mchira n'kuupesa mpaka kuchita wiruwiru. Ng'ombeyo itangokweza mchira, mlongo wake wamng'ono anathamanga ndi chidebe kukawakha ndowe zisanagwere pa miyendo yotsukidwayo. Ine kuseka. Mnyamatayo sanaseke nawo, anali pantchito.

Ndinamufunsa mtsikanayo kuti ng'ombe yake imadya chiyani. Ndinkayembekeza yankho la mwana. Anandiuza muyeso wa chakudya cha tsiku lililonse, kuchuluka kwa mapulotini, mwezi umene inabadwa, mkaka umene mayi wake amatulutsa, ndiponso chifukwa chimene anasankhira umuna wa nkhunzi imene anasankha. Atamva kuti ndinaphunzira za ziweto, anayamba kundifunsa ineyo za ng'ombe zathu za malinunda, kuti zimapirira bwanji nkhupakupa ndi kutentha.

M'bwalo la mpikisano ana onse anavala zoyera, aliyense atagwira chingwe cha ng'ombe yake, akuyenda pang'onopang'ono maso ali pa woweruza. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti woweruza akamaliza kuziika pamndandanda amatenga maikolofoni n'kufotokoza zifukwa pamaso pa onse: iyi ndaiika patsogolo chifukwa cha miyendo ndi kuzama kwa nthiti, iyo yatsalira chifukwa msana wagwa pang'ono. Wopambana ndi wolephera onse amapita kwawo akudziwa chokakonza. Wathuyo analandira riboni yabuluu, imene ili pansi pa yapepo ya akatswiri. Analira pang'ono kuseri kwa ng'ombe yake, kenako n'kupita kukagwira chanza mnzake amene anamuposa.

Pamenepo ndinakumbuka sukulu yanga ya pulayimale. Khasu tinkaligwira tikachedwa kapena tikalongolola m'kalasi. Munda wa sukulu unali wa chibalo. Aphunzitsi akafuna kutiopseza ankati mukapanda kulimbikira mudzathera kumunda ngati makolo anu, chonsecho makolo akewo ndi amene ankatidyetsa tonse, aphunzitsiwo kuphatikizapo. Ine ndemwe ndinkaweta nkhumba za bambo anga kuyambira ndili Sitandade 4, koma kusekondale sindinkafuna kuti anzanga adziwe. Apa ndinali kuona anthu a m'tauni atalipira pageti, atadzadza mabenchi, akuombera m'manja mwana chifukwa choweta ng'ombe bwino. Sindikunena kuti alimi akumeneko zonse zili myaa. Amayi anandiuza kuti mafamu ang'onoang'ono a mkaka akutha chaka ndi chaka, ndipo pamsewu wa kwawo otsala ndi owerengeka. Koma mwana wa mlimi kumeneko saweramitsa mutu.

Ku khola la nkhumba kumakhala mzere wa anthu ofuna kuona nkhumba yaimuna yaikulu kuposa zonse m'chigawocho. Imakhala yoposa makilogalamu 400, ndipo ntchito yake masiku onsewo ndi kugona chammbali, zopemerera mphepo zikuizizira, anthu akuijambula. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali kuti nditsimikize kuti ikupuma.

Chapafupi pali nyumba yotchedwa Miracle of Birth Center, kumene amabweretsa ng'ombe, nkhosa ndi nkhumba zotsala pang'ono kubereka kuti zibereke anthu akuona. Pa masiku 12 amenewo mumabadwa ana a ziweto pafupifupi 200. Madokotala a ziweto ndi ophunzira awo amakhala pomwepo kufotokoza, ndipo pamwamba pali makanema kuti amene ali kumbuyo aone nawo. Tinapeza nkhumba ikubereka. Kamwana kakatuluka, khamu lonse linkafuula, bambo wina wandevu zake n'kumapukuta misozi. Ine amene ndinkadzutsidwa usiku kukaunikira ndi koloboyi nkhumba ikamabereka ndinaima pakati pawo osadziwa kuti nkhope ndiiike bwanji. Amayi anandikodola n'kunena chapansipansi kuti ambiri mwa ana amenewa nyama amaidziwira m'pepala la pulasitiki, ndiye asiyeni aone.

Mkaka tinakamwa pa kanyumba kamene chaka chimenecho unkalipira madola awiri n'kupatsidwa kapu, ndipo unkamwa mpaka utakana wekha. Kenako tinalowa mu Dairy Building, nyumba ya zamkaka, kukaona zimene mpaka lero abale anga amati ndimawanamiza. Chaka chilichonse alimi a mkaka amasankha mtsikana wowaimirira, amene amatchedwa Princess Kay of the Milky Way, mwambo umene unayamba mu 1954. Iyeyo ndi anzake amene anafika nawo kumapeto kwa mpikisano amakhala mmodzimmodzi, tsiku lake tsiku lake, m'kachipinda kagalasi kozungulira pang'onopang'ono, kozizira madigiri 4, atavala jekete pakati pa chilimwe. Moyang'anana naye mumakhala wosema, amene amasema nkhope ya mtsikanayo pa chibuluma cha batala cholemera makilogalamu pafupifupi 41. Wosema nthawi imeneyo anali Linda Christensen, amene anagwira ntchitoyi zaka 50 mpaka 2021. Chionetsero chikatha mtsikana amatenga mutu wake wa batala kupita nawo kwawo. Ena amausunga mufiriji zaka ndi zaka, ena amaitana mudzi wonse kudzadyera chimanga. Ine m'mutu ndinkangowerengera kuti batala wochuluka chonchi kwathu ndi wa mabanja angati, chaka chonse.

Za zakudya ndingolemba pang'ono, chifukwa anthu amazikokomeza kale. Pafupifupi chilichonse amachibaya pa kamtengo ngati kanyenya, kuti uzidya ukuyenda. Chotchuka ndi Pronto Pup, soseji yoviikidwa mu ufa wokanda n'kukazingidwa, imene yakhala ikugulitsidwa pamenepo kuyambira 1947. Pali tchizi chokazinga, ndi mabisiketi otentha a Sweet Martha's amene amadzadza m'kandowa mpaka chivindikiro kukana kutseka. Mitengo yake ndi yoboola m'thumba, ndipo ine amene ndinali ndikadasinthabe dola iliyonse kupita ku kwacha m'mutu ndinkadya ndi mtima umodzi.

Chimanga chootcha ndicho chinandikhumudwitsa, ngakhale mzere wake unali wautali. Amachiotcha ndi makoko omwe, kenako amasenda n'kuchiviika chonse mu batala wosungunula. Njere zake ndi zofewa, zamadzimadzi, zotsekemera kwambiri, zosakutukulika n'komwe. Ukamaliza umakhala ngati sunadye. Chimanga cholimba chimene chadzadza minda ya Minnesota anthu sadya mwachindunji. Chambiri chimapita ku ziweto ndi kumafakitale opanga mafuta a ethanol. Mu nyumba ya zokolola ndinapeza zitsononkho zake zitayalidwa m'mizere ndi maliboni ake, ndipo pambali pali zithunzi za nkhope za anthu zopangidwa ndi njere zokhazokha, mapira, nyemba, mpendadzuwa, zomatidwa imodziimodzi. Lamulo lake n'lakuti njerezo zikhale za mbewu zimene zingamere ku Minnesota.

Masana khamu linali litathinana moti pamsewu sunkaona phula. Andale nawonso amakhala ndi timisasa tawo, ndipo senata kapena bwanamkubwa amaima pamenepo thukuta lili kamukamu, munthu wamba n'kumamufunsa maso ndi maso popanda womukankha. Amayi anandikumbutsa kuti Theodore Roosevelt analankhulapo pa chionetserochi pa 2 Sepitembala 1901 ali wachiwiri kwa pulezidenti, ndipo pasanathe masabata awiri anakhala pulezidenti, William McKinley atawomberedwa.

Malo omaliza pa njira ya Amayi ndi Ye Old Mill, timabwato toyenda pang'onopang'ono m'ngalande yamdima, zimene zakhalapo kuyambira 1915. Mulibe chochititsa chidwi kwenikweni, koma ndimo mmene malemu amuna awo anawagwira dzanja koyamba. Anandiuza kuti ndiwadikire panja ndi zikwama, n'kukwera okha.

Zaka zotsatira ndinayamba kukhala ndi njira yangayanga. Mu 2019, chaka chimene olowa anafika 2,126,551, mayi a kunyumba ndi mwana wathu anali atanditsatira, ndipo mwanayo anakakamira pa Giant Slide, kutsetsereka atakhalira chiguduli mpaka ndalama zondithera. Mu 2020 chionetsero anachiimitsa chifukwa cha Covid-19, koyamba chichokereni 1946 pamene chinalephereka chifukwa cha poliyo. Koma zimenezo tidzafikako.

Lamulungu lake la ulendo woyambawo ndinaimbira foni bambo anga ku Mchinji. Za batala sanazilabadire, anangoti azungu satha. Za mwana wa ng'ombe yosambitsidwa ndi sopo anaseka mpaka kutsokomola. Nditatchula kulemera kwa nkhumba ija anakhala chete.

"Iwe, waiona ndi maso ako kapena akuuza?"

"Ndaiona, bambo. Chithunzi nditumiza pa foni ya achimwene."

"Nanga chigodola kulibe kumeneko?"

Ndinawauza kuti kulibe. Bambo anga khola lawo linasesedwapo ndi chigodola kangapo, ndipo ulendo wina zinatha zonse sabata imodzi, fizi yanga ya Folomu 3 ili m'kholamo. Anandifunsa kuti makola akumeneko amamanga bwanji, pansi amaika chiyani, alendo amaloledwa kulowa kapena ayi, madeya amasakaniza ndi chiyani. Mayunitsi anatha tili pa nkhani ya madeya, ndipo anatumiza uthenga kudzera kwa achimwene kuti ndikafunse bwinobwino kwa aphunzitsi anga, ndiwalembere papepala.

Lachiwiri lotsatira tchuthi chija makalasi anayamba. Gawo likudzali ndidzakuuzani za semesita yoyamba, ndi mmene ndinagulira jekete ya chisanu pa sitolo ya kaunjika Amayi atandiopseza kuti Novembala sachedwa.