Zikomo nonse amene munandigwira dzanja

Abale ndi alongo, ndalembedwa ntchito yoyang'anira makompyuta ndi netiweki pa ofesi ina ku Lilongwe. Ambuye alemekezeke. Koma pali anthu kuno ku Kasungu oti sindingawathokoze mobisa.

Ndiyambe ndi inu bambo a shopu yokonza makompyuta pa boma. Munandilola kukhala pa benchi lanu ndili ndi pepala la MSCE lokha. Ndinu munandiphunzitsa kupana waya wa netiweki, timawaya 8 tija kutindandalika bwino mu RJ45, kapulagi ka kumapeto kwa wayayo, ndipo kamodzi kakasemphana munkati ndidule ndiyambirenso. Laputopu ikabwera itadzaza fumbi la m'chilimwe, mwini wake akuti yafa, munkati ndimvetsere kaye fani ndisanamasule chilichonse. Sindidzaiwala mlembi wa kalabu ya alimi a fodya uja wa ku Chinkhoma, atakhala pakhomo manja ali m'mutu chifukwa malekodi onse a mamembala anali mu hard disk yokana kutseguka. Munandisiyira kuti ndiyese, inu mutaima kumbuyo kwanga osandilanda. Mafayilo aja atatuluka, ndinadziwa kuti ntchito iyi ndi yanga.

Anzanga ena ankati setifiketi n'kutaya ndalama, luso lili m'manja. Ndimawamvetsa, koma makalata anga ofunsira ntchito sankayankhidwa mpaka pamene panalembedwa CCNA, setifiketi ya zamanetiweki ya kampani ya Cisco. Olemba ntchito ku Lilongwe sadziwa za benchi la ku Kasungu, amayamba aona pepala. Komanso mayeso anandikakamiza kuphunzira subnetting ndi VLAN, njira zogawira netiweki m'zigawo zing'onozing'ono, zomwe sizibwera pa shopu. Chonsecho, tsiku la intaviyu anandiikira patsogolo switch, kabokosi kolumikizira makompyuta pa netiweki, n'kunena kuti makompyuta awiri awa sakulumikizana, konzani. Pamenepo anandiyankhira ndi manja amene munawaphunzitsa inu bambo.

Amayi, zikomo kwambiri. Mayeso a CCNA 200-301 amalipiridwa madola 300, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zomwe ndinkasunga zinaperewera kutali. Munagulitsa matumba a mtedza omwe munasungira fetereza, osandifunsa n'komwe kuti Cisco n'chiyani. Fetereza wa chaka chino ali pa ine.

Achemwali, bando yanu ndiyo ndinkaonera maphunziro usiku. Malume a ku Area 25, munandisunga masiku a mayeso ngati mwana wanu. Nanunso anzanga a gulu lathu lowerenga, amene tinkamanga manetiweki oyeserera mu pulogalamu ya Packet Tracer mpaka batire kutha, musagwe ulesi, kalembeni.

Setifiketiyi imatha pakapita zaka zitatu, ndiye kuwerenga sindinasiye. Mabuku ndi manotsi anga ndawasiya ku shopu, wofuna akabwereke. Amene subnetting ikumuvuta andilembere ku inbox, tizithandizana madzulo ndikaweruka.